Momwe mungalembere gawo la sewero la nthabwala lomwe anthu sangaliiwale

Anthu akamakumbutsana za sewero la nthabwala la pa TV, safotokoza gawo lonse. Amatchula kanthu kamodzi: pomwe uja anagwa, pomwe uja anatsegula chitseko n'kupezana ndi munthu yemwe amamuthawa, pomwe uja anangoti kukamwa yasa. Kanthu kameneka nthawi zambiri sikakwana ndi mphindi imodzi yomwe, koma mphindi zina zonse za gawolo zinalembedwa pokonzera iko. Malangizo awa ndi anu amene mukufuna kulemba gawo limodzi la sitcom, sewero lija la atengambali omweomwewo, pamalo omweomwewo, lomwe gawo lililonse limabwera ndi vuto lakelake. Kuseka kwakukulu kumatcheredwa ngati msampha. Wolemba amatchera kumayambiriro owonera asakudziwa, ndipo ukafwamphuka amaseka chifukwa adzidzimuka, komanso chifukwa akuona kuti zinayenera kutero basi.

Yambani ndi kuphwasula gawo la eni ake

Musanalembe kalikonse, sankhani gawo limodzi lomwe linakuseketsani zedi, mulionere katatu. Ulendo woyamba ingosekani. Ulendo wachiwiri khalani ndi pepala, muzilemba mphindi yomwe mwaseka ndi chomwe chakuseketsani, kaya ndi mawu, nkhope ya munthu kapena chinthu chomwe chagwa. Ulendo wachitatu ndiye wa ntchito yeniyeni. Pezani pomwe munaseka kwambiri, kenako bwererani m'mbuyo, mufufuze pomwe chilichonse chofunika pamenepo chinaonekera koyamba. Mudzadabwa kuona kuti zambiri munaonetsedwa kalekale, koma maso anu anali kwina.

Tengani kachigawo ka mu 1989 ka sewero la BBC la Only Fools and Horses, komwe anthu a ku Britain amakatchulabe mpaka lero. Del Boy, yemwe ankaseweredwa ndi David Jason, ali mu bala ndi mnzake Trigger, ndipo akufuna kugometsa azimayi omwe akhala chapatali. Watsamira pa kauntala, kenako waweramuka. Wogulitsa wakweza thabwa la kauntalayo kuti adutse, osalitsitsanso. Del sanaone. Akuyankhulabe modzidalira, akubwerera kukatsamira pomwe panali thabwa paja, n'kugwa cham'mbali thupi lili chiwongokere, osaponya n'komwe dzanja kuti adzitchinjirize. Trigger akutembenuka, akumwazamwaza maso, mnzake uja palibe. Munthu wamba akanagwa pamenepo tikanaseka pang'ono n'kuiwala. Chomwe chinapangitsa kuti anthu asaiwale n'chakuti anagwa ndi munthu wodzionetsera, pa nthawi yeniyeni yomwe amadzionetsera, ndipo ife tinali titaona thabwa likukwezedwa iye asanaone.

Pezani chofooka cha mtengambali wanu

Nthabwala ya mu sitcom imachokera mwa munthu. Mtengambali wanu wamkulu akhale ndi chinthu chomwe amachifunitsitsa, komanso chofooka chimodzi chomwe aliyense amachiona kupatula mwini wake. Basil Fawlty, mwini hotela wa mu sewero la Fawlty Towers, amafuna alendo apamwamba, amanyansidwa ndi alendo omwe ali nawo, ndipo amaopa mkazi wake. Mr. Bean wa Rowan Atkinson ndi mwana yemwe ali m'thupi la munthu wamkulu, ndipo vuto lililonse amalithetsa m'njira yake yomwe wina sangaiganize. Lembani za munthu wanu m'chiganizo chimodzi. Ngati chiganizocho chikukanika, munthuyo simunamudziwebe, ndipo musapitirire.

Muyeseni chonchi: muikeni pamzere wautali, kutsogolo kwake kuli munthu wochedwa. Ngati mukudziwa nthawi yomweyo chomwe achite, ndipo chikusiyana ndi chomwe mtengambali wanu wachiwiri angachite pamzere womwewo, muli pabwino.

Kuti malangizowa asakhale m'malere, tiyeni timange gawo lathu. Tili ndi bwana wa kaofesi kakang'ono yemwe chibadwire sanavomerepo kuti walakwa. Pali kalaliki wokhulupirika yemwe amaona bwanayo ngati mwini nzeru zonse. Pali mtsikana wogwira ntchito molimbika yemwe akufuna amuwonjezere malipiro koma mantha amamugwira akafika pakhomo la bwana. Ndiye pali mkazi wa bwanayo, munthu yekhayo yemwe bwana amanjenjemera naye.

Vuto likhale laling'ono, njira yotulukira ikhale poyera

Olemba ongoyamba kumene amakonda vuto lalikulu: nyumba yapsa, ndalama zabedwa, wina wamangidwa. Vuto lalikulu limabweretsa chisoni, ndipo owonera akayamba kumva chisoni kuseka kumazilala. Sankhani vuto lomwe munthu wanzeru angalithetse ndi mawu awiri, kenako mulipereke kwa munthu yekhayo yemwe sangathe kunena mawu awiriwo.

M'gawo lathu, bwana wakangana ndi mkazi wake m'mawa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake waganiza zopepesa, ndipo walemba uthenga pafoni: "Wapamtima wanga, ndakhala ndikukuzunza. Sindiyamikira ntchito yomwe umagwira. Pempha chilichonse, ndikupatsa." Mwangozi wautumiza ku gulu la antchito onse. Njira yotulukira ili poyera. Angonena kuti, "Pepani, ndalakwitsa potumiza." Koma ameneyu salakwa. Antchito atamuyang'ana modabwa, iye akuwauza kuti uthengawo watumiza dala, ndi njira yamakono yolimbikitsira antchito.

Onani bwino mawu a mu uthengawo. Chiganizo chilichonse chikuyenera mkazi wa kunyumba, ndipo chikuyeneranso wantchito wa mu ofesi. Pamenepa musafulumire. Uthenga ukakhala ndi mawu amodzi okha omwe wantchito sangawatenge ngati ake, bodza la bwana likugwa nthawi yomweyo ndipo gawo lathera pomwepo. Ukakhala wouma kwambiri, mkazi uja sadzakwiya akadzauona. Chinthu chomwe gawo lonse latsamirapo chimafunika kuchilemba mobwerezabwereza mpaka chikhale bwino mbali zonse ziwiri.

Pali sewero lomwe linasonyeza kuchepa komwe vuto lingachepe. Mu 1991, sewero la ku America la Seinfeld linaonetsa gawo lomwe atengambali atatu angoima m'malo odyera kudikira tebulo, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Akuluakulu a NBC, wailesi ya kanema yomwe inkaonetsa seweroli, sanalikonde pomwe linkalembedwa, koma lero limatchulidwa pakati pa magawo omwe anatchukitsa seweroli. Ngati mulibe ndalama zojambulira malo ambiri, musadandaule. Chipinda chimodzi chokhala ndi anthu osiyana mitima chikukwana.

Dziwani pachimake musanalembe tsamba loyamba

Apa ndiye pagona nkhani. Musayambe kulemba kuchokera pa mphindi yoyamba n'kumayembekeza kuti chinthu choseketsa chitulukira chokha kutsogolo. Khalani pansi, mudzifunse kuti: kodi chinthu choipitsitsa chomwe chingamuchitikire munthu uyu chifukwa cha bodza lakeli n'chiyani, ndipo chikhala chikuoneka bwanji ndi maso? Funso la maso ndi lofunika. Zomwe anthu amakumbukira kwa zaka zambiri nthawi zambiri zimakhala zooneka, zoti munthu angathe kumufotokozera mnzake m'mpweya umodzi.

Pachimake pathu ndi apa. Mkazi wa bwana akulowa mu ofesi ali wolusa, chifukwa tsiku lonse sanalandire mawu aliwonse opepesa. Akukweza maso, akuona pakhoma pali uthenga wachikondi wa mwamuna wake, wopulintidwa, uli mu felemu. Kalaliki akuimirira monyadira n'kumuwerengera mokweza. Asanayankhe, mtsikana uja akutuluka m'chipinda cha bwana misozi ili m'maso, akunena kuti, "Ndapempha, ndipo andipatsa." Kalaliki akumaliza ndi mtima woyera: "Mayi, amuna anuwa amatikonda tonse mofanana."

Tsopano lembani zonse zomwe kachigawo kameneka kakufuna kuti katheke. Pakufunika felemu. Pakufunika chifukwa choti mkaziyo abwere ku ofesi. Pakufunika kuti owonera adziwe kuti mtsikana uja amapempha malipiro, pomwe mkazi wa bwana sakudziwa. Pakufunika kuti kalaliki akhale munthu yemwe angachitedi zimenezi mopanda chinyengo. Chilichonse mwa izi chiyenera kuoneka m'mphindi zoyambirira za gawo. Felemu ikangotulukira pa mphindi ya 18 popanda wina kuionapo, owonera amva kuti wolemba waibweretsa kuti adzipulumutse, ndipo saseka ndi mtima wonse.

Koma mungaonetse bwanji felemu osaulula cholinga chanu? Ipatseni kanthabwala kakekake. Pa mphindi yachiwiri, kalaliki abwere ndi felemu yopanda kanthu yomwe wagula kuti adzaikemo satifiketi ya wantchito wabwino, ngakhale kuti ofesiyo siipereka satifiketi yotere. Aipachike pakhoma ili choncho, n'kumaipukuta fumbi. Owonera aseka, aganiza kuti ntchito ya felemu yatha, n'kuiiwala. Chinthu chomwe chaseketsapo kale anthu sachikayikira. Chimodzimodzi mkazi uja: pomwe akukangana m'mawa, anene ali pakhomo kuti akapanda kumva kalikonse pofika masana abwera konko. Bwana ayankhe mwamatama kuti ku ofesi kwake kulibe yemwe amamuopseza. Mawu amenewo akuseketsa pawokha, komanso ayika wotchi pamutu pa bwana.

Ine ndimaona kuti ntchito imeneyi ndi yomwe imasiyanitsa gawo lokhalitsa ndi gawo longodutsa, ndipo ndi yomwe olemba ambiri amaidumpha chifukwa siyosangalatsa ngati kupeka mawu oseketsa.

Kwezani mavuto pang'onopang'ono

Pakati pa bodza loyamba ndi pachimake payenera kukhala masitepe, ndipo sitepe iliyonse ikhale yoipirapo kuposa yapitayo. Lamulo lake n'lakuti chilichonse chomwe mtengambali akuchita pofuna kudzipulumutsa chikhale chanzeru m'maso mwake, koma chimuzamitse.

Gawo la Khirisimasi la Mr. Bean la mu 1992 limaonetsa zimenezi bwino. Akuika zokometsera m'mimba mwa nkhukundembo yaikulu, ndipo wotchi yake yatsalira m'katimo. Akusuzumira, sakuiona. Akulowetsa mutu kuti aone bwino, mutu wakanirira, ndipo chibwenzi chake chafika pakhomo. Munthu kuvala nkhukundembo kumutu n'zosamveka, koma palibe sitepe ndi imodzi yomwe yopanda chifukwa. Mukanayamba ndi munthu ali kale ndi nkhukundembo kumutu, kukanakhala kupusa chabe.

Chitsanzo china ndi cha mu 1952, m'sewero la I Love Lucy. Lucy ndi mnzake Ethel apeza ntchito pafakitale ya chokoleti, yokulunga tizidutswa tomwe tikudutsa pa lamba woyenda. Kapitawo wawachenjeza kuti kachidutswa kamodzi kakangodutsa kosakulungidwa, ntchito yatha. Poyamba zikuyenda bwino. Lamba akuthamanga, iwo akulephera, ndipo ayamba kubisa chokoleti m'kamwa, m'zipewa ndi m'malaya. Kapitawo akubwera, akuona kuti palibe chomwe chadutsa, akuwayamikira, n'kulamula kuti lamba athamange kwambiri. Taonani pomwe pali nzeru: chinyengo chawo chatheka, ndipo kutheka kwakeko ndi komwe kwawapweteka. M'gawo lanu muike malo amodzi otere, pomwe mtengambali akupuma n'kumaganiza kuti wapulumuka.

Kwa bwana wathu masitepe angayende chonchi. Poyamba antchito akumukayikira, ndiye kuti bodza lioneke loona, akukakamizika kuyamikira aliyense pamaso, chinthu chomwe chikumuwawa ngati akumuzula dzino. Kenako antchito akhulupirira, ayamba kumubweretsera madandaulo awo a kunyumba, iye n'kumamvetsera nkhope ili gwa. Kenako ntchito yayamba kuyenda bwino kuposa kale, ndipo bwana wayamba kukhulupirira yekha kuti anachitadi dala. Pamenepa ndi pomwe wapuma. Chifukwa cha kunyada kumeneku waiwala kuti mkazi wake sanalandirebe kalikonse. Owonera sanaiwale. Iwo akuyang'ana wotchi yapakhoma.

Mphatso yaikulu yomwe mungapatse owonera ndi kuwadziwitsa chinthu chomwe mtengambali sakudziwa. Musabise zonse pofuna kudzawadzidzimutsa kumapeto. Kudzidzimuka kumaseketsa kamodzi, pomwe kudikira tsoka lomwe ukuliona likubwera kumaseketsa mphindi zambiri. Bisani chinthu chimodzi chokha. Kwa ife, owonera akudziwa kuti mayi akubwera, koma sakudziwa kuti kalaliki wadzaza felemu ija.

Nkhani yachiwiri

Magawo ambiri amakhala ndi kankhani kachiwiri kakang'ono, kuti atengambali ena akhale ndi chochita komanso kuti nkhani yaikulu ipumeko. Kathu ndi ka mtsikana ndi malipiro ake. Muonetseni akuyeserera mawu ake pagalasi, akufika pakhomo la bwana n'kubwerera, akulowa n'kungofunsa nthawi. Chofunika n'chakuti kankhani aka kadzakumane ndi nkhani yaikulu pachimake. Ngati mungakachotse gawo n'kukhalabe chimodzimodzi, kachotseni.

Gawani nthawi

Pa mawailesi a kanema a ku America omwe amadukiza ndi otsatsa malonda, gawo la theka la ola limakhala ndi mphindi pafupifupi 22 za sewero lenileni. Pa BBC, komwe sadukiza, limayandikira mphindi 30. Dziwani kutalika kwanu musanayambe. Ngati ndi mphindi 22, vuto lidziwike pofika mphindi yachitatu, mtengambali akhale atapuma chapakati, pachimake pafike cha m'ma 18 kapena 19, ndipo zotsalazo zikhale zochepa. Pomwe pali podukiza, siyirani pa funso, munthu atangotsegula chitseko kapena foni itangolira.

Tsopano lembani mawu

Mwafika pomwe ambiri amayambira. Mawu oseketsa akhale kumapeto kwa chiganizo, chifukwa owonera akayamba kuseka samvanso zotsatira. Yerekezani kalaliki akunena kuti, "Amatikonda tonse mofanana amuna anuwa, mayi, ndipo tikuthokoza kwambiri." Kuseka kukuyamba pa "mofanana", mawu enawo n'kumira. Mukasuntha "mofanana" kupita kumapeto, palibe chomwe chatayika.

Zinthu zitatu zimagwira ntchito bwino kuposa ziwiri kapena zinayi. Choyamba chimayambitsa njira, chachiwiri chimaitsimikizira, chachitatu chimaikhotetsa. Antchito atatu abwere kudzapempha: woyamba akufuna mpando watsopano, wachiwiri akufuna tchuthi, wachitatu akungofuna kuti bwana abwerezenso kumutchula kuti wapamtima. Koma musagwiritse ntchito njirayi patsamba lililonse, owonera angayambe kuwerenga nanu.

Phimbani mayina a atengambali papepala, muwerenge mawu okha. Ngati simukutha kudziwa woyankhula, ndiye kuti onse akuyankhula ngati inu. Nthabwala yomwe ingatuluke m'kamwa mwa aliyense ndi yofooka, ngakhale ikhale yokoma chotani. Mawu a kalaliki aja akuseketsa chifukwa iye yekha ndi amene angawanene osaona vuto lake. Mtsikana uja atawanena, angamveke ngati chipongwe.

Mtengambali asadziwe kuti akuseketsa. Kwa bwana, tsikuli ndi loopsa kwambiri m'moyo wake, ndipo wosewera ayenera kulitenga choncho. Akangoyamba kutsinzinira owonera, mphamvu yonse yatha. Ndiponso samalani ndi yemwe akusekedwa. Owonera amasangalala kuona wodzikweza akutsitsidwa ndi zochita zake zomwe. Kuseka munthu chifukwa cha chilema, umphawi kapena mtundu wake kumasiya kakhambi m'kamwa, ndipo sewero lotere silichedwa kukalamba.

Lembaninso pomwe palibe mawu

Nthawi zambiri kuseka kwakukulu kumabwera munthu atasiya kuyankhula. Mu Fawlty Towers ya mu 1975, Basil wakonza chakudya cha alendo olemekezeka, wophika waledzera, ndipo iye wathamangira kukatenga chakudya kwina. Galimoto yazima panjira. Akuikalipira, akuiwerengera mpaka katatu monga amachitira kholo ndi mwana, kenako akuchoka pomwe kamera ikuona. Kwa kanthawi tikungoona galimoto yokha. Akubwera atanyamula nthambi ya mtengo, n'kuyamba kuikwapula. Kanthawi kaja komwe Basil sakuoneka n'kofunika zedi, chifukwa owonera akudzifunsa komwe wapita. Ndipo mkwiyo wake tikuumvetsa chifukwa taona zonse zomwe zamuwonongekera kuyambira pachiyambi.

M'gawo lathu, kalaliki akamaliza kuwerenga, musamupatse mayi uja mawu msanga. Lembani kuti akuyang'ana felemu, akuyang'ana mtsikana, akuyang'ana mwamuna wake, kenako akuika chikwama chake pansi pang'onopang'ono. Bwana akutsegula pakamwa, akutseka. Osewera abwino adzawonjezera zawo, koma malowo muwasiyire ndinu.

Kutalika kwa kachetechete kameneka kumadalira momwe sewero lanu lijambulidwire. I Love Lucy, yomwe inayamba mu 1951, inkajambulidwa ndi makamera atatu pamaso pa anthu enieni mu situdiyo, ndipo njira imeneyi inafalikira kwambiri. Osewera amadikira kuti anthu amalize kuseka, choncho zolemba zanu zikhale zofupikirapo kuti nthawi ikwane. M'zaka za m'ma 1950 zomwezo, katswiri wojambula mawu Charley Douglass anapanga makina oikira kuseka kojambuliratu, ndipo masewero ambiri anawagwiritsa ntchito kwa zaka zochuluka. Ena anasankha njira ina. The Office ya Ricky Gervais ndi Stephen Merchant, yomwe inayamba pa BBC mu 2001, ilibe kuseka kulikonse kwa owonera, ndipo mphamvu yake ili m'manyazi omwe amadzaza chipinda nthabwala ya bwana ikagwa pansi popanda woitola. Ngati mukujambula popanda owonera, ine ndingakulangizeni kuti kuseka kojambuliratu mukusiye. Kumabisa malo ofooka kwa inu wolemba, pomwe woonera kunyumba amawaonabe.

Bwezerani zinthu m'malo mwake

Sitcom imafuna kuti gawo lotsatira lidzapeze anthu omwewo ali ndi zofooka zomwezo. Bwana asasinthe. Akhoza kugonja lero, akhoza kugona pampando wa mu ofesi usiku umenewo, koma m'mawa auze antchito kuti vuto linali la foni. Akangophunzira kupepesa, mwapha sewero lanu. Mphindi yomaliza ikhale yaifupi, yokhala ndi kanthabwala kamodzi kochokera m'zomwe zachitika kale. Mwina kalaliki walowa atanyamula felemu yachiwiri, yokulirapo.

Werengani mokweza, kenako dulani

M'masewero ojambulidwa pamaso pa anthu, sabata imayamba ndi osewera kukhala patebulo n'kuwerenga gawo lonse mokweza, olemba akumvetsera n'kumachonga pomwe pasekedwa ndi pomwe padutsa zii. Zolembazo zimasinthidwa masiku onse oyeserera, ndipo ngakhale pa tsiku lojambula, nthabwala ikakanika olemba amapeka ina pomwepo n'kujambulanso. John Cleese ndi Connie Booth analemba magawo 12 okha a Fawlty Towers, asanu ndi limodzi mu 1975 ndi ena otero mu 1979, ndipo gawo lililonse linkawatengera masabata ambiri akulemba ndi kulembanso.

Inunso itanani anzanu, aliyense atenge mbali yake. Inu musawerenge nawo, ndipo musafotokoze kalikonse asanayambe. Khalani pambali ndi pensulo. Kuseka kwa ulemu muzikudziwa, kumabwera mochedwa ndipo owerenga amakuyang'anani. Kuseka kwenikweni kumamudula munthu pakati pa chiganizo. Tsamba lathunthu likadutsa popanda kuseka, funsani ngati likutchera chinachake chofunika kutsogolo. Ngati likutchera, lifupikitseni n'kulipatsa kanthabwala kake. Ngati silikutchera kalikonse, lichoke. Nthabwala yomwe mumaikonda kwambiri koma ikuimitsa nkhani ichokenso, muisunge m'kope la magawo ena.

Zikachitika kuti pachimake penipeni padutsa zii, musathamangire kusintha mawu a pamenepo. Nthawi zambiri matenda ali m'mbuyo. Afunseni anzanuwo mafunso atatu. Kodi amakumbukira kuti mayi ananena zobwera masana? Ngati sakukumbukira, mawuwo anadutsa mwachangu, ndipo pakufunika kuwakumbutsa kamodzi chapakati, mwina ndi foni ya mayi yomwe bwana akuikana chifukwa ali kalikiliki kulandira mayamiko. Kodi anadziwiratu kuti uthenga ulowa mu felemu? Ngati anadziwiratu, mwaionetsa kwambiri felemuyo, ndiye ionekere kamodzi kokha. Kodi bwana amamumvera chisoni kuposa kufuna kuti agwidwe? Ngati ndi choncho, simunamulole kudzitama mokwanira asanagwe. Bwererani pa kachigawo komwe wayamba kukhulupirira bodza lake, mumuimike pakati pa ofesi akulangiza antchito za kufunika kovomera kulakwa m'banja, kenako muwerengenso gawo lonse kuyambira tsamba loyamba.